Usanakhudze kompyuta bokosi ya munthu

Mphwanga, ndamva kuti wagula kachingwe kaja ka mapini 16 kolumikizira laputopu ku kompyuta ya galimoto, laputopu nayo waipeza, ndipo anzako ku Biwi ayamba kale kukutchula kuti injiniya. Sindikuletsa ayi. Ntchito ya remap ilipo, ndalama yake iliponso, ndipo kumene tikupitaku makaniko wosadziwa kulankhula ndi kompyuta ya galimoto adzatsala ndi ntchito yomata matayala basi. Koma khala pansi kaye ndikutsine khutu. Ntchito imeneyi ili ndi khalidwe limodzi loipa: ukailakwitsa, galimoto imatuluka pageti ikuthamanga kuposa mmene inalowera, mwini wake mano ali mbee, injini n'kukafera kutali patapita miyezi, iwe ndalama utadya kalekale. Palibe amene amabwera kudzakuuza kuti unapha ndiwe, ndiye umangopitiriza kupha zina.

Injini ya petulo imafuna mpweya, mafuta ndi moto. Mpweya amalamula ndi dalaivala ndi phazi lake. Ziwiri zotsalazo, kuchuluka kwa mafuta ndi nthawi yoyatsira moto, ndiye nkhani yonse ya remap. Masiku a Peugeot 504 ndi Datsun 120Y zimenezi zinkachitidwa ndi zitsulo. Mafuta inkayeza ndi kabuleta kudzera m'timabowo ta majeti. Moto inkagawa ndi disitibyuta, ndipo mkati mwake munali tizitsulo tiwiri tolemera togwidwa ndi masipuling'i. Injini ikathamanga, tizitsuloto tinkakankhidwira kunja n'kufulumizitsa moto. Pambali pake panali kachitini ka vakyumu kowonjezera kufulumirako pamene injini sikulemedwa. Amisiri a nthawi imeneyo ankangomasula boti imodzi, n'kupotoza disitibyuta pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Mu 1979 kampani ya Bosch inatulutsa Motronic, bokosi loyendetsa mafuta ndi moto pamodzi, ndipo linayambira mu BMW 732i. Kuchokera pamenepo majeti ndi masipuling'i aja anayamba kusanduka manambala.

Manambalawo amakhala m'matebulo amene timawatchula kuti mapu. Mbali imodzi ya tebulo ndi marevu, liwiro la injini. Mbali inayo ndi kulemedwa kwa injini, kutanthauza kuchuluka kwa mpweya umene ukulowa mu silinda. Pamene ziwirizi zakumana pali nambala. Kompyuta imamva marevu kuchokera ku sensa ya pa kiranki, imamva mpweya kuchokera ku sensa ya MAF kapena MAP, imamva kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya, kenaka imapita pa tebulo kukaona chochita. M'mabokosi atsopano monga MED17 ndi EDC17 a Bosch muli matebulo zikwizikwi, olumikizana mwakuti ukakweza pano, lina la uko limakutsitsa kapena kuyatsa nyali pa dashibodi. Remap ndi kuwerenga zonsezi, kusintha manambala ena, n'kuzibwezera m'bokosi. Kusintha nambala ngakhale mwana wa Sitandade 8 angathe. Chovuta ndi kudziwa chifukwa chimene mwini fakitale anaikira nambala imene waipezayo.

Tiyambe ndi mafuta. Kuti petulo apse yense popanda chotsala, kilogalamu imodzi imafuna mpweya wolemera makilogalamu 14.7. Nambala imeneyi uiloweze pamtima. Pa laputopu imaoneka ngati lambda 1. Galimoto ikamayenda bwinobwino m'tauni kapena pamsewu wosalala, kompyuta imasunga mlingo womwewu, chifukwa catalytic converter imatsuka utsi bwino pamenepo pokha. Imadziwa kudzera mu sensa ya okosijeni ya pa ekizozi, imene magetsi ake amasewera pakati pa mavoti 0.1 ndi 0.9. Mafuta akachepa imawonjezera, akachuluka imachepetsa, kangapo pa sekondi iliyonse. Ndiye tamvetsa: munthu akabwera ndi Sienta ya takisi n'kunena kuti umuchitire remap yoti isamamwe mafuta, iwe n'kuchepetsa manambala a mafuta pa tebulo, kompyuta iona kuti mafuta achepa ndipo iwabwezera pomwe anali. Wamudyera ndalama yake chabe. Galimoto ya petulo ikamamwa mopitirira, cholakwika chimakhala pa sensa yakufa, mapulagi otha, eya kilina yodzaza fumbi, mabuleki ogwira, kapena phazi la dalaivala. Palibe fayilo yochiza zimenezi.

Zinthu zimasintha dalaivala akaponda moto mpaka pansi. Apa kompyuta imasiya kumvera sensa ija n'kutsata tebulo lokha, ndipo imathira mafuta ochulukirapo. Injini yopanda turbo imatulutsa mphamvu zake zonse mlingo uja ukatsika kuchoka pa 14.7 kufika cha pa 12.5 kapena 13; ya turbo imafuna kutsikirapo, cha pa 11.5 mpaka 12. Mafuta owonjezerawo si onse amene amapsa. Ena ntchito yawo ndi kuziziritsa: akamasanduka nthunzi amayamwa kutentha, n'kuteteza mutu wa pisitoni, mavalavu a ekizozi ndi turbo. Afakitale nthawi zambiri amathira ochuluka kuposa pamenepa, podziwa kuti wina adzakwera phiri lalitali atadzaza katundu, phazi osalichotsa pansi. Wochita remap amachepetsako pang'ono, mphamvu n'kukwerako. Akapitirira muyeso, moto umatentha kwambiri mpaka aluminiyamu ya pisitoni imayamba kufewa. Mtunda wa pakati pa mphamvu yabwino ndi pisitoni yobooka ndi waufupi kwambiri, ndipo dalaivala samva kanthu kufikira utsi woyera utatuluka kumbuyo.

Palinso msampha wina umene achinyamata ambiri sauona. Nambala imene walemba pa tebulo ndi pempho chabe. Wopereka mafutawo ndi pampu ndi ma injector. Injini ikamazungulira marevu 6,000 pa mphindi, silinda iliyonse imamaliza ntchito yake yonse m'mamilisekondi 20, ndipo injector iyenera kutsegula, kupopera ndi kutseka m'kanthawi komweko. Ikafika potsegula nthawi yoposa 85 peresenti, malo owonjezera atha. Ukhoza kulemba nambala yaikulu bwanji, mafuta sawonjezekanso. Pampu yotopa, kapena sefa yotsekeka ndi zinyalala za m'thanki, imachitanso chimodzimodzi: laputopu ikunena 12, mu silinda muli 14. N'chifukwa chake chida choyenera kuyamba kugula sichinali chingwe chija ayi, chinali sensa ya wideband, imene imakuuza mlingo weniweni wa mafuta ndi mpweya kuchokera mu utsi. Wopanda wideband akungolota.

Usaiwalenso kuti petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe. Ku Dwangwa anayamba kupanga mu 1982, ndipo PressCane ku Chikwawa inabwera pambuyo pake. Ethanol amakweza octane, chimene ndi chabwino, koma amafuna mpweya wochepa: makilogalamu 9 okha pa kilogalamu yake imodzi. Petulo wokhala ndi ethanol 10 peresenti amapsa yense cha pa 14.1, wa 20 peresenti cha pa 13.5. Choncho injini imafuna mafuta ochulukirapo kuti mlingo ukhale womwewo. Poyenda pang'onopang'ono kompyuta imakonza yokha. Pa moto wonse, ngati iwe unadula mafuta mpaka m'malire potengera petulo wosasakaniza wa dziko lina, ndiye kuti wagwera kale tsidya lina. Zolowera werengera mu lambda, chifukwa lambda 1 ndi lambda 1 kaya mu thanki muli msakanizo wotani.

Tsopano za moto, pamene pagona luso lenileni. Anthu amaganiza kuti pulagi ikathetheka mafuta amaphulika nthawi yomweyo. Sichoncho. Moto umayambira pa pulagi n'kumafalikira mu silinda, ndipo ulendo umenewu umatenga mamilisekondi angapo. Chimene tikufuna n'chakuti kukankha kwakukulu kufike pisitoni itangodutsa pamwamba penipeni, kiranki itapendama madigiri pafupifupi 15. Taonera wakabaza pokwera mtunda: pedulo amaiponda mwamphamvu itangopitirira pamwamba. Akaiponda isanafike pamwamba, njinga imamubwezera m'mbuyo. Akachedwa mpaka itatsika kale, mphamvu yake yapita pachabe. Ndiye popeza moto umatenga nthawi, pulagi iyenera kuthetheka pisitoni isanafike pamwamba. Taiming'i ndi imeneyo, ndipo timaiyeza m'madigiri a kiranki.

Masamu ake ndi osavuta. Pa marevu 800, injini itangoima ikulira, milisekondi imodzi kiranki imayenda madigiri osakwana 5. Pa marevu 6,000 milisekondi yomweyo imayenda madigiri 36. Choncho marevu akamakwera moto uyenera kuyatsidwa mofulumirirapo. Kulemedwa nako kuli ndi mbali yake. Phazi likakhala lopepuka, mu silinda mumalowa zochepa, zimapsa pang'onopang'ono, ndipo kompyuta imatha kuyatsa madigiri 35 kapena 40 pisitoni isanafike pamwamba. Phazi likafika pansi, zolowa ndi zambiri komanso zothinana, zimapsa msanga, ndiye madigiri amatsika. Pa injini ya turbo imene ikupopa mpweya wambiri ukhoza kupeza madigiri osakwana 10. Tizitsulo tija ndi kachitini ka vakyumu zinkayesa kuchita zomwezi mongoyerekeza. Tebulo limachita pa malo alionse payekhapayekha.

Ukamafulumizitsa moto digiri imodziimodzi, mphamvu imakwera, kukwerako n'kumachepa, mpaka imafika poima. Kupitirira pamenepo sukuwonjezera kanthu koma kupweteka mabering'i. Tsoka lake, pa injini zambiri, makamaka za turbo, usanafike n'komwe poimapo umakumana ndi kugogoda kuja kumene pa laputopu kumalembedwa kuti knock. Chimachitika n'chakuti moto ukamafalikira umapanikiza ndi kutenthetsa mafuta amene sanapse kumphepete kwa silinda. Akapanikizika mopitirira, amadziyatsa okha onse nthawi imodzi, ndipo kumeneko ndiye kuphulika kwenikweni. Chitsulo chimalira tiki-tiki-tiki, kaphokoso kakang'ono koti wailesi ikhoza kukabisa. Koma kaphokoso kameneka kamakokolola mpweya wozizirirapo umene umateteza nkhope ya pisitoni, kamaswa timipanda ta pakati pa maring'i, kamadya gasiketi ya hedi. Ofufuza za ma Subaru a turbo a injini za EJ akuuza kuti timipanda timeneti ndi pomwe pamayambira maliro.

Afakitale anamangirira knock sensor pa buloko kuti izimvera kaphokosoka. Ikamva, kompyuta imachedwetsa moto madigiri angapo, n'kumawabwezera pang'onopang'ono. Ndi mlonda wabwino, koma ali ndi malire: amachitapo kanthu kugogoda kutachitika kale, ndipo madigiri amene amaloledwa kuchotsa ali ndi pothera. Mafayilo ena oyenda pa WhatsApp ndi Facebook amagonthetsa mlonda ameneyu dala kuti galimoto izioneka yamphamvu. Ukapeza fayilo yotero, ifufute, ngakhale unaigula modula. Ndipo phunzira kumva wekha. Tenga kapaipi ka kopa, uphwanye mbali imodzi, uboole, umangirire pa buloko ndi boti. Mbali inayo ulumikize kapaipi ka labala kofika ku zotsekera m'makutu zija za m'mafakitale. Ndalama yake ndi yochepa, koma umamva zonse zochitika mu silinda. Injini yabwino imamveka mosalala, yogogoda imathetheka mwakuthwa. Ukamva kamodzi sudzaiwalanso.

Apa ndiye pali mutu wa zonse zimene ndikufuna kukuuza. Mphamvu imene remap imatulutsa sichokera kumwamba. Afakitale anasiya mpata dala pakati pa pamene injini ikugwira ntchito ndi pamene ingawonongeke, ndipo mpata umenewo anasiyira petulo woipa, dzuwa loswa mtengo, radiyeta yodzaza matope, oyilo wochedwa kusintha, katundu wopitirira. Wochita remap amagulitsa mpata umenewo. Ku Germany kapena ku Britain, kumene mafuta ndi odalirika, kunja n'kozizira ndipo galimoto imapita ku sevisi pa nthawi yake, mpatawo umakhala ukungogona, ndipo kuudyako pang'ono si mlandu. Kuno kwathu mpata womwewo timaudya tsiku ndi tsiku osadziwa. Mafuta akasowa, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012 komanso zaka zaposachedwazi, bwana wako yemweyo amene unamukonzera galimoto adzagula petulo wa m'zigubu kuseri kwa msika, wina wothiridwa parafini. Parafini amagwetsa octane koopsa. Galimoto ya mapu a kufakitale idzatsokomola, idzafooka, koma idzafika kunyumba. Imene iwe unaifinya mpaka madigiri omaliza idzanoka panjira.

Kumbukanso kumene magalimoto athu amachokera. Ku Japan kuli petulo wa mitundu iwiri: wamba, amene octane yake siitsika pansi pa 89, ndi wapamwamba, wosatsika pansi pa 96, amene nthawi zambiri amafika cha pa 100. Vitz, Probox, Sienta ndi Mira zinapangidwira petulo wamba. Koma ma Legacy ndi ma Forester ambiri a turbo, komanso ma Golf ndi ma BMW amene anadzera ku Japan, anapangidwira wapamwambayo. Kuno ukafika pa filing'i sitesheni sufunsidwa kuti ukufuna petulo uti. Alipo ndi mmodzi yemweyo. Ndiye lumikiza laputopu pa galimoto yotere usanasinthe chilichonse, ukwere nayo mtunda, uone madigiri amene kompyuta ikuchotsa. Kawirikawiri upeza kuti ikulimbana kale ndi kugogoda. Pa galimoto ngati imeneyi remap yanzeru ndi yobwerera m'mbuyo: kuchepetsa madigiri ndi boost ya turbo pamalo pamene ikugogoda, kuti isamangokhalira kudzipulumutsa. Chodabwitsa n'chakuti ikatero imakoka mosalala kuposa kale. Ntchito imeneyi siitchuka pa Facebook, koma kwa ine ndi imene dziko lino likufuna kwambiri.

Malo nawo amalankhula. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Dedza cha pa 1,600, pamene Nsanje ndi Chikwawa ali pansi penipeni ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ukakwera mamita 1,000, injini yopanda turbo imataya pafupifupi 10 peresenti ya mphamvu zake chifukwa mpweya ndi wopepuka, ndipo kugogoda nako kumachepa. Ichi n'chifukwa chake ku Johannesburg, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, amagulitsanso petulo wa octane 93 pamene ku Durban ndi Cape Town ndi wa 95. Tsono galimoto imene waiyesera ku Dedza m'mawa wa mu Juni n'kuimva bwino, ikatsikira ku Chigwa cha Shire masana a mu Okutobala ikumana ndi mpweya wothinana komanso wotentha, zinthu ziwiri zimene kugogoda kumakonda. Pobwerera iyenera kukwera zitunda zija za ku Chikwawa mpaka ku Blantyre, pa giya yotsika, liwiro lochepa, mphepo yochepa pa radiyeta. Mapu ako uwakonzere tsiku limenelo. Fayilo yolembedwa ku Birmingham pa petulo wa 99 siidziwa kuti kuli Nchalo.

Za magalimoto ang'onoang'ono opanda turbo sinditayapo nthawi. Injini ya 1KR ya mu Vitz ili ndi mahosipawa pafupifupi 70. Ukavutika nayo tsiku lonse mwina upeza atatu kapena anayi, amene ngakhale mwini wake sangawamve. Amene amamva kusintha amakhala kuti wina wangosintha tebulo la pedulo, kuti akaponda pang'ono valavu ya mpweya izitseguka kwambiri. Galimoto imaoneka yolusa ponyamuka, koma mphamvu ndi yomwe ija. Kumeneko ndi kuba mochenjera, usazolowere.

Ndalama zenizeni zili pa dizilo: ma Hilux a D-4D, ma Ranger, ma D-Max, ma Navara. Apa samala, chifukwa zimene waphunzira pa petulo zikhoza kukusocheretsa. Dizilo alibe pulagi yoyatsira. Mpweya umapanikizidwa mpaka kutentha, mafuta akapoperedwa amayaka okha. Choncho taiming'i ya dizilo ndi nthawi imene injector yayamba kupopera. Ukafulumizitsa, kupanikiza mu silinda kumakwera, injini imalira mokalipa, gasiketi ndi mapisitoni zimavutika. Ukachedwetsa, mafuta amamalizira kupsa akutuluka, ndipo kutentha kumathamangira ku turbo. Chachiwiri, ndipo ichi n'chosemphana ndi petulo: injini ya dizilo nthawi zonse imakhala ndi mpweya wochuluka kuposa wofunika, ndipo mphamvu imalamulidwa ndi kuchuluka kwa mafuta. Pa petulo mafuta owonjezera amaziziritsa. Pa dizilo amatenthetsa. Wachinyamata wozolowera kunena kuti "ndithireko ambiri kuti ikhale yotetezeka" amasungunula pisitoni ya Hilux ndi nzeru yomweyo.

M'bokosi la dizilo muli tebulo la zofuna za dalaivala, tebulo loika malire a torque, tebulo la boost, tebulo la kupanikiza kwa mafuta mu common rail kumene kumafika mabaa 1,600 mpaka 2,000, ndi tebulo loletsa utsi, limene limakana kuthira mafuta oposa mpweya umene ulipo. Aulesi amangokweza la utsili. Galimoto imanyamuka mwaukali, kumbuyo kuli bii, achinyamata a pamsewu n'kumaimba mluzu. Utsi wakuda si mphamvu. Ndi dizilo amene wagulidwa modula n'kutayidwa osapsa, ndipo ndi chizindikiro chakuti mkatimo mwatentha. Ika sensa ya kutentha kwa utsi pa manifodi, turbo isanafike. Ikamapitirira madigiri 750 kwa nthawi yaitali pokwera Chiweta ndi katundu, bwezera mafuta pansi. Timabokosi tija tolumikiza pa waya wa sensa ya rail timangonamiza kompyuta kuti mafuta sakupanikizidwa mokwanira, iyo n'kumawonjezera. Sitidziwa kutentha, sitidziwa giya, sitidziwa chilichonse.

Udzamva anthu akunena kuti injini ndi imodzi, afakitale amangotsekera mphamvu mu kompyuta kuti agulitse modula. Nthawi zina n'zoona. Koma taona 1.9 TDI ya Volkswagen, imene inagulitsidwa pa mahosipawa 90, 110, 130 ndi 150. Kunja zimafanana. Mkati, ya 90 ndi ya 110 zambiri zinali ndi pampu imodzi yogawa mafuta, pamene ya 130 ndi ya 150 zinali ndi kapampu pa silinda iliyonse. Turbo, manozo, intercooler ndi kilachi zinali zosiyana. Ndipo mphamvu ikachoka mu injini iyenera kudutsa penapake. Giyabokosi ya DSG ya magiya 7 ya kilachi youma, ya m'ma Polo ndi ma Golf ang'onoang'ono, inapangidwira 250 Nm. Lamba wa CVT naye ali ndi pothera. Udzapulumutsa injini n'kupha giyabokosi imene mtengo wake uposa theka la galimoto.

Ena adzabwera kuti uwachotsere DPF, sefa yogwira mwaye, ndi EGR, valavu yobwezera utsi mu injini, makamaka a magalimoto ochokera ku Britain amene amangozungulira m'tauni mpaka sefa ya mwaye kutsekeka. Ndikudziwa kuti DPF yatsopano ndi yodula, ndipo sindinamizira kuti yankho lake ndi lapafupi. Koma yamba wafufuza chimene yatsekekera: injector yodontha, sensa yakufa, oyilo wosayenera, kapena kusayenda ulendo wautali woti mwaye upse. Ukangochotsa, nthenda ija ikadalipo, wangoibisa. Ndipo mwayewo ukupita m'mapapo a wakabaza amene ali kumbuyo kwako ndi mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Mu 2012 bungwe la IARC, la pansi pa WHO, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Ku Britain galimoto yochotsedwa DPF imalephera mayeso a galimoto otchedwa MOT kuyambira 2014. Ndipo mu 2015 Volkswagen inavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni anali ndi pulogalamu yozindikira kuti akuyesedwa, n'kuyeretsa utsi nthawi yokhayo. Zonsezo zinali manambala a m'matebulo omwewa amene iwe wayamba kuwagwira.

Galimoto ikafika, chingwe chikhale chomaliza kutuluka m'chikwama. Yeza kompuresheni ya silinda iliyonse. Tulutsa mapulagi uone mtundu wake. Werenga ma fuel trim, manambala oonetsa mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa. Akapitirira 10 peresenti mbali iliyonse, pali chikudwala, mwina mpweya ukulowera pa paipi yong'ambika, mwina MAF yadetsedwa ndi fumbi la m'misewu yathu. Funsa ngati thermostat ilimo, pakuti amisiri ambiri kuno amaichotsa ati kuti injini isamatenthe, ndiye kompyuta imaona ngati injini sinatenthebe n'kumathira mafuta ochuluka tsiku lonse. Suzumira pansi uone ngati catalytic converter ilipo kapena inagulitsidwa kale, ndipo ngati sensa ya okosijeni ikadali ndi moyo. Magalimoto ambiri amene eni ake amati ndi ofooka amatsitsimuka ukangokonza zimenezi, remap osaifunanso. Lipiritsa ntchito imeneyo mosachita manyazi. Ndi ntchito ya mutu.

Ukatsimikiza kuti injini ndi yamoyo, werenga fayilo yoyambirira n'kuisunga malo atatu osiyana, utalemba nambala ya galimoto ndi nambala ya pulogalamu ya m'bokosi. Magalimoto awiri a mtundu umodzi ndi chaka chimodzi akhoza kukhala ndi mapulogalamu osiyana, ndipo fayilo ya ina siilowa mwa inzake. Polemba, batire la galimoto likhale pa chaja yosasinthasintha mphamvu, laputopu ikhale yodzaza, ndipo usadalire magetsi a pakhoma. Mphamvu ikatsika kulemba kuli pakati, bokosi limafa, ndipo kupeza lina si mathero a vuto chifukwa liyenera kugwirizananso ndi makiyi. Zida za Alientech monga KESS, ndi pulogalamu ya WinOLS, zenizeni zake ndi zodula. Zokopera zotchipa zimagwira lero, mawa n'kulakwitsa checksum, galimoto osalira. Ngati uyamba ndi chotchipa, yesera pa mabokosi akale ogula kwa ogulitsa zida za magalimoto owonongeka, osati pa Ranger ya munthu. Safunsa anadya phula: pita kwa amene anayamba kale, ukhale pambali pawo ngakhale osalipidwa, ndipo ngati mpata wa maphunziro a zamagetsi a galimoto ulipo ku Soche, ku Lilongwe Technical kapena ku MUBAS, usaunyoze.

Sintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mafuta akhale oyamba, moto pambuyo, digiri imodzi basi, kenaka kayese. Ngati dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto, palibe, pezani mtunda wautali wopanda anthu ambiri, wina ayendetse, iwe maso pa laputopu, makutu pa kapaipi kaja. Giya yachitatu kapena yachinayi, kuyambira marevu otsika mpaka okwera, masana dzuwa lili pamutu, ndipo mubwereze injini itatentha kale, chifukwa ulendo woyamba umanama. Ukapeza pamene kugogoda kukuyambira, bwerera madigiri awiri kapena atatu, ndi kusiya pomwepo ngakhale mtima ukufuna zambiri.

Kenaka pali mwini galimoto. Adzabwera n'kunena kuti, "Amisiri, ya anzanga ikundisiya pa mtunda, ndipangireni iziuluka, ndipo muchotse kaja kotsekera pa 180." Magalimoto ambiri a ku Japan amatsekedwadi pa makilomita 180 pa ola. Uwayankhe mwaulemu: "Bwana, tiyeni tione kaye matayala ndi mabuleki." Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo, chifukwa matayala ndi akaunjika a zaka zisanu ndi zitatu. Pa M1 pali mbuzi, ana asukulu, ngolo ndi njinga zonyamula makala; sindinaonepo malo ofunika 180, ndiye loko ameneyo ine sindichotsa. Minibasi yonyamula anthu sindiiwonjezera mphamvu ngakhale atandilonjeza zingati. Amene wavomera kumugwirira ntchito, umuuze zoona pamaso: oyilo azisintha msanga kuposa kale, petulo wa m'zigubu asiye, a inshuwalansi awadziwitse, ndipo ngati galimoto ikadali pa waranti, adziwe kuti akhoza kuitaya. Abale athu a ku Britain ndi ku South Africa ena anakanidwa chipukutamisozi ngozi itachitika chifukwa chobisa remap.

Pomaliza ntchito lemba kapepala: tsiku, zimene wasintha, boost wafika pati, madigiri wawonjezera kapena kuchotsa angati, ndi petulo amene unayesera. Kaike m'buku la galimoto, kuti makaniko wa ku Mzuzu kapena ku Mangochi amene adzaitsegule chaka chamawa asadzataye sabata akufunafuna nthenda imene kulibe. Fayilo yoyambirira ija uikenso pa fulashi, umupatse mwini galimoto, ndipo umuuze kuti tsiku limene adzafune kugulitsa abwere udzaibwezeremo ulere.